Mfuti ndi mwana wa sukulu: mkangano wa ku America tikauonera pa gombe la Chintheche

Pa 24 Meyi 2022, mnyamata wa zaka 18 analowa m'sukulu ya pulayimale ya Robb, m'tauni ya Uvalde ku Texas, ndipo anapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Mfuti ya mtundu wa AR-15 imene anaphera anawo sanabe. Anaigula m'sitolo, motsata malamulo, patangopita masiku ochepa atakwanitsa zaka 18. Apolisi oposa 370 anakhamukira pasukulupo, koma panadutsa mphindi 77 asanalowe m'kalasi mmene munali wakuphayo ndi ana ovulala. Nkhani zotere masiku ano sizichedwa kufika kuno kunyanja. Mphunzitsi wa ku Kande, mayi wogulitsa usipa pa Mpamba, msodzi wa ku Usisya, onse amaziona pafoni kapena kuzimva pa wailesi dzuwa lisanalowe. Ambirife timapukusa mutu n'kunena kuti izi n'za eni ake, kuno sizingachitike. Zoti kuno sizichitika ndikuvomereza. Chimene ndikukana n'chakuti sizichitika chifukwa ndife anthu ofatsa. Mwana wokwiya wa ku Malawi alibe poipeza mfuti, basi. Ndipo kusowa kwa mfutiko kuli ndi mbiri yake, kuli ndi ming'alu yake, kungathenso kutha tili chigonere.

Tiyambe ndi eni mkanganowo. Ku United States mfuti zimene zili m'manja mwa anthu wamba n'zochuluka kuposa anthu enieniwo. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti pofika 2017 zinalipo pafupifupi 393 miliyoni, kutanthauza mfuti 120 pa anthu 100 alionse, kuwerengera ndi makanda omwe. Kwathu kuno, malinga ndi bungwe lomwelo, sizifika ngakhale imodzi pa anthu 100. Muzu wa zonsezi uli m'ndime imene anaiwonjezera ku malamulo aakulu a dziko lawo mu 1791, yotchedwa Second Amendment, imene imateteza ufulu wosunga ndi kunyamula zida. Kwa zaka zambiri akatswiri ankatsutsana ngati ndimeyi imanena za magulu a nzika zoteteza dziko kapena za munthu aliyense payekha. Mu 2008, pa mlandu wa Heller, khoti lalikulu linagamula kuti ndi ufulu wa munthu payekha. Kuyambira pamenepo, lamulo lililonse lofuna kuchepetsa mfuti limayamba lalimbana ndi khoti.

N'chifukwa chake maliro amabwerezabwereza koma malamulo amasuntha pang'ono kwambiri. Mu 1999, pa sukulu ya Columbine ku Colorado, anyamata awiri anapha ophunzira anzawo 12 ndi mphunzitsi tsiku limodzi. Pa 14 Disembala 2012, ku Sandy Hook m'chigawo cha Connecticut, anaphedwa ana 20 a zaka 6 ndi 7, amsinkhu wa Sitandade 1, pamodzi ndi akuluakulu 6. Anthu anati ulendo uno zinthu zisintha. Patatha miyezi inayi, bilu yongofuna kuti ogula mfuti pa misika ya mfuti ndi pa intaneti aziyamba afufuzidwa mbiri yawo inagwa m'nyumba ya Senate: inapeza mavoti 54 pamene pamafunika 60. Ku Parkland mu 2018 kunafa anthu 17, ana opulumuka anatsogolera zionetsero zikuluzikulu, ndipo chigawo cha Florida chinakweza zaka zogulira mfuti kufika 21. Pambuyo pa Uvalde, mu Juni 2022, boma linakhazikitsa lamulo loti ogula osafika zaka 21 azifufuzidwa mozama, linaperekanso ndalama zothandizira odwala maganizo. Sabata yomweyo khoti lalikulu, pa mlandu wa Bruen, linakulitsa ufulu woyenda ndi mfuti pagulu.

Oikira mfuti kumbuyo si anthu opanda mitima, ndipo mfundo zawo tizimve bwino tisanaziyankhe. Amati chigawenga sichimvera lamulo, choncho lamulo loletsa mfuti limangolanda chitetezo kwa munthu wabwino. Amati vuto lili m'mutu mwa wowomberayo, osati m'chitsulo. Amati kumidzi apolisi ali kutali, ndipo akamafika amapeza zonse zatha. Mfundo imeneyi munthu wa ku Usisya, kumene msewu wotsika phiri umavuta mvula ikagwa, angaimvetse kuposa munthu wa ku New York. Amatinso nzika zopanda zida n'zosavuta kuziponda boma likasanduka lankhanza. Bungwe lawo lamphamvu, National Rifle Association, litaona za ku Sandy Hook linati yankho n'kuika munthu wa mfuti pa sukulu iliyonse, ndipo m'zigawo zina lero aphunzitsi amaloledwa kulowa m'kalasi ndi mfuti.

Mwa mfundo zonsezi, ya mlonda wa mfuti ndi imene zochitika zaitsutsa poyera. Ku Parkland wapolisi wa mfuti analipo pasukulu ndipo sanalowe m'nyumba mmene ana ankaphedwa. Ku Uvalde taona kale. Ya matenda a maganizo ili ndi choonadi chake, koma matendawo ali m'dziko lililonse, ngakhale kuno, pamene kuwomberana kwa m'sukulu kwachuluka m'dziko limodzi. Palinso chinthu chimene zithunzi za pafoni zimatibisira. Ana ophedwa m'kalasi ndi gawo laling'ono zedi la anthu ofa ndi mfuti ku America. Oposa theka la ofa ndi mfuti kumeneko amadzipha okha, ndipo ambiri otsalawo amaphedwa m'makomo ndi m'misewu, mmodzimmodzi, popanda atolankhani. Kuyambira 2020, mfuti yakhala ikupha ana ndi achinyamata a m'dzikomo kuposa ngozi za galimoto. Sukulu ndi pamene vutoli limaonekera; pamene limakhala ndi kunyumba.

Dziko limene linayankha mwa njira ina ndi loti anthu a kuno amalidziwa kuyambira kale. A mishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi Robert Laws, anasamukira ku Bandawe mu 1881 n'kutsegula sukulu zimene zinachititsa kuti Atonga akhale m'gulu la anthu oyamba kudziwa kuwerenga m'dziko lino. Ku Scotland komweko, m'tauni yaing'ono ya Dunblane, pa 13 Marichi 1996, bambo wina analowa m'sukulu ya pulayimale n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo. Mfuti zake zinali ndi ziphaso zonse. Makolo ndi anthu a m'deralo anasonkhanitsa masiginecha oposa 700,000, ndipo mu 1997 boma la John Major linaletsa mfuti zambiri zam'manja, kenako boma la Tony Blair linaletsa zotsalazo. Zipani ziwiri zotsutsana zinamaliza ntchito imodzi m'chaka chimodzi. Kuchokera pamenepo Britain sinaonenso ana akuphedwa motero pasukulu. Kuwomberana sikunatheretu: ku Cumbria mu 2010 kunafa anthu 12, ku Plymouth mu 2021 kunafa asanu, ndipo konse kuwiriko owomberawo anali ndi ziphaso.

Australia inachita zofanana chaka chomwecho cha 1996, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur. Boma la John Howard linaletsa mfuti zowombera motsatizana ndipo linagula kwa eni ake mfuti pafupifupi 650,000 n'kuziwononga. Akatswiri amatsutsanabe kuti lamuloli linathandiza motani, poti imfa za mfuti zinali zitayamba kale kutsika. Koma chosiyanitsa maiko awiriwa ndi America n'choonekeratu: kumeneko mfuti ndi chilolezo chimene boma limapereka ndipo lingathe kuchilanda, si ufulu wobadwa nawo. Malawi ali mbali imeneyi. Malamulo athu aakulu sanena chilichonse za ufulu wosunga mfuti. Ndime 16 imanena za ufulu wokhala ndi moyo. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo ntchito yopereka ziphasozo ili m'manja mwa apolisi.

Tisanadzitame, tikumbuke mmene kuletsa mfuti kunafikira kuno. M'zaka za m'ma 1800 mfuti zinkayenda pa nyanjayi pamodzi ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga mphamvu zawo zinali pa mfuti, ndipo pamene kampani ya African Lakes inkalimbana ndi Mlozi, Atonga a kuno anali m'gulu la amene inawalemba kukamenya nkhondoyo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels kuti achepetse kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa. Chifukwa chimene anapereka chinali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo malondawo anali oipadi. Koma zotsatira zake zinali zakuti mfuti yabwino inatsala m'manja mwa mtsamunda, munthu wakuda n'kutsala ndi gogodera. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anachita kukathyola nyumba yosungiramo zida ya Mandala ku Blantyre chifukwa analibe mfuti zokwanira. Choncho munthu wa ku America akamati boma limene limalanda nzika zida lili ndi zolinga zake, Mmalawi sangamuseke. Zinatichitikira.

Ndipo palibe boma m'dziko lino limene likudziwa zimenezi kuposa Nkhata Bay. Pa 3 Marichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, atsogoleri a Nyasaland African Congress amene anamangidwa anawaika m'sitima ya Mpasa padoko. Anthu anakhamukira kumeneko kufuna kuti abale awo amasulidwe. Bwanamkubwa wa boma lino, John Brock, anapereka mphamvu kwa asilikali ochokera ku Southern Rhodesia, ndipo iwo anawombera khamulo. Lipoti la komiti ya Devlin, imene inafufuza chipwirikiticho, linati anafa anthu 20. Mabanja a kuno amawerenga oposa pamenepo. Palibe malo ena alionse m'dziko amene anataya anthu ochuluka chotero tsiku limodzi pa nthawi ya chipwirikiti chimenecho. Tikamakumbukira tsiku la Martyrs chaka ndi chaka, timakumbukira anthu ophedwa ndi mfuti ya boma, yolembedwa m'kaundula, yonyamulidwa ndi munthu wa yunifolomu.

Kodi ndiye kuti anthu a padoko aja akanakhala ndi mfuti zawo akanapulumuka? Ine sindikhulupirira zimenezo. Akanafa ochuluka, ndipo boma la Britain likanapeza chifukwa chimene linkachifunitsitsa. Chimene chinachititsa manyazi London chinali chakuti ophedwawo sanabwere kudzamenya nkhondo, ndipo Devlin analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mbiri ya pambuyo pake ikunena zomwezo. Henry Chipembere anayesa kugwetsa boma la Dr Banda ndi zida mu Febuluwale 1965 ndipo ulendo wake unathera pa Liwonde. Yatuta Chisiza analowa ndi mfuti kudzera kumalire a ku Mwanza mu Okutobala 1967 ndipo anaphedwa. Chimene chinagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi chinali kalata ya mabishopu ya mu Marichi 1992, sitiraka za ogwira ntchito, kukana kwa maiko otithandiza, ndi voti ya pa 14 Juni 1993. Mfundo yoti mfuti ya nzika imateteza ufulu, m'dziko lino inayesedwa kawiri ndipo kawiri konse inalephera.

Phunziro lenileni la zaka zimenezo lili pa a Payoniya. Malawi Young Pioneers anali achinyamata, ambiri osiya sukulu, amene chipani chinawapatsa mfuti ndi mphamvu zomanga anthu. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, ku Mzuzu, pamtunda pathu pomwepa, a Payoniya anawombera n'kupha asilikali awiri pambuyo pa mkangano. Asilikali anayankha ndi Operation Bwezani, kuthyola malikulu a MYP ku Lilongwe ndi misasa yawo m'dziko lonse kuti awalande zida. Ntchitoyo inatheka, koma a Payoniya ambiri anathawira ku Mozambique, ena ndi mfuti zawo. Kumeneko kunali kutadzaza kale zida. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, itathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo mfuti za AK-47 zimene zinatsala m'tchire zinayamba kuwoloka malire. Amene anali aakulu m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene umbava wa mfuti unakulira, magolosale akutsekedwa dzuwa likadalipo, mpaka midzi inayamba kukhazikitsa magulu a chitetezo cha m'dera ogwira ntchito ndi apolisi.

A ku Mozambique anachitapo chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, osafunsa munthu kumene anaitenga. Mfutizo ankazidula pomwepo, ndipo zina amisiri anapanga nazo ziboliboli zimene lero zili ku British Museum. Apolisi a South Africa ndi Mozambique nawonso, pa ntchito yotchedwa Operation Rachel, anafukula ndi kuphulitsa nkhokwe za zida zobisika m'tchire. Mtendere umene ana a Chintheche amapita nawo kusukulu lero, gawo lina unagulidwa tsidya la nyanja ndi anthu amene sitikuwadziwa. Ndipo nyanjayi ndi malire otseguka. Bwato lochokera ku Niassa kapena ku Tanzania lingaime pa gombe lililonse usiku, ndipo kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, nkhondo ina yakhala ikuyaka kuyambira 2017.

Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a SADC anakumana ku Blantyre n'kusainira pangano lolamulira mfuti ndi zipolopolo. Panganoli limafuna kuti mfuti zizidindidwa zizindikiro, zizilembedwa m'kaundula, zosafunika ziziwonongedwa, ndipo za boma zizisungidwa mosamala. Patangotha miyezi inayi, mu Disembala 2001, wophunzira wa pa Chancellor College ku Zomba anafa atawomberedwa ndi apolisi pa zionetsero. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira anafa anthu 20, ndipo Mzuzu ndi umene unataya ochuluka. Apa ndi pamene mkangano wathu umasiyana ndi wa ku America. Kwa iwo funso ndi lakuti nzika isunge mfuti yotani. Kwa ife, chipolopolo chimene chapha wophunzira kapena wachinyamata wa pamsewu nthawi zambiri chachokera m'mfuti ya boma, kapena m'mfuti imene inali ya boma lina isanasochere. Wolankhula za kulamulira mfuti m'Malawi osatchula nkhokwe za apolisi ndi asilikali walambalala nkhani yonse.

South Africa ikutionetsa mbali zonse ziwiri, ndipo kwa anthu a kuno si dziko lachilendo. Kuyambira masiku a Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anyamata a m'mbali mwa nyanjayi akhala akupita ku Joni, ndipo nyumba zambiri zamalata za ku Chintheche ndi Kande zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Dzikolo linakhazikitsa lamulo lokhwima mu 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004: wofuna mfuti akhale wa zaka 21, aphunzire kaye ndi kupeza satifiketi, akhale ndi sefa yosungiramo. Imfa za mfuti zinatsika m'zaka zimenezo. Kenako zinadziwika kuti mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, ankagulitsa mfuti zimene zinayenera kuwonongedwa, zoposa 2,000, ndipo zambiri zinathera kwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats, kumene zinapha anthu ambirimbiri kuphatikizapo ana. Mu 2016 analamulidwa kukhala kundende zaka 18. Lamulo linali labwino. Munthu mmodzi wosunga makiyi analiboola. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali anthu a kuno amene ali ndi zifukwa zomveka zofunira mfuti, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Ng'ona m'mathiriro a mitsinje monga Luweya zimagwira anthu. Mvuu zimagubuduza mabwato ndi kudya mpunga. Anyani ndi nguluwe zimatha munda wa chinangwa, ndipo banja lopanda chinangwa kuno lilibe kondowole. Mwini golosale kapena wogula nsomba woyenda ndi ndalama zambiri amaopa achifwamba. Malo ogona alendo ndi maesiteti a tiyi ndi raba amafuna alonda. Koma tikayang'ana bwino, zambiri mwa izi ndi ntchito zimene boma linalonjeza kugwira. Nyama yovuta ndi ya alenje a boma a dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Achifwamba ndi a apolisi. Munthu akayamba kufunafuna gogodera kapena mfuti yogula mobisa, nthawi zambiri amakhala atadikira boma mpaka kutopa. Choncho galimoto ya polisi yokhala ndi mafuta, ndi mlenje wa boma wofika tsiku lomwelo mwana atagwidwa ndi ng'ona, n'zochepetsa mfuti kuposa chilango cholembedwa m'buku.

Nanga pasukulu penipeni? Sukulu zathu zambiri za kumudzi zilibe mpanda, ndipo njira ya kunyanja kapena ya kuchigayo imadutsa pakati pa makalasi. Wina angati tiikepo mlonda wa mfuti zisanachitike. Ine ndikuti ayi, ndipo ndikunena motsindika. Pa sukulu ya ana mazanamazana, mfuti ya mlonda ikhala mfuti yokhayo pamalopo, ndipo tsiku lililonse ili pafupi ndi ana amene lero sangaipeze kwina kulikonse. Tisanamizane kuti ana athu sakwiya. Tamva kangapo za ophunzira a sekondale m'dziko lino akuswa mawindo ndi kutentha makalasi kapena nyumba za aphunzitsi chifukwa cha zakudya, chilango kapena mnzawo wochotsedwa. Tikudziwa za kuzunzana m'mahositelo, za chamba, za achinyamata odzipha amene chiwerengero chawo chikudetsa nkhawa. Mkwiyo umene ku Colorado unatulutsa maliro 13, kuno umathera pa mwala ndi machesi. Chosiyana ndi chida chimene chili pafupi. Zimene zinachitika pa yunivesite ya Garissa ku Kenya mu 2015, kumene kunafa anthu 148, ndi nkhani ina: kumeneko kunali kuukira kwa zigawenga za al-Shabaab, ndipo mlonda mmodzi sangaimitse zotero.

Ngati tsiku lina mwana wa ku Malawi adzalowa m'kalasi ndi mfuti, ndikukhulupirira kuti idzachokera kunyumba, m'chipinda cha bambo ake, amalume ake kapena mchimwene wake amene ali ndi chilolezo choinyamula. Kafukufuku wa boma la America anapeza kuti ana ambiri amene anawombera anzawo pasukulu mfuti anazitenga kwa makolo kapena achibale. Ku Belgrade, m'dziko la Serbia, mu Meyi 2023, mnyamata wa zaka 13 anatenga mfuti za bambo ake n'kupha ophunzira anzake 9 ndi mlonda. Ku Michigan, makolo a mnyamata amene anapha anzake anayi pa sukulu ya Oxford mu 2021 anaweruzidwa mu 2024 kukhala kundende zaka 10 mpaka 15, chifukwa anamugulira mfuti, sanaitsekere, ndipo sanamvere aphunzitsi atawachenjeza m'mawa wa tsiku lomwelo. Chigamulo chimenechi ndimachiona cholungama. M'nyumba zathu mumagona ana ambiri, athu ndi a abale, ndipo palibe pansi pa matiresi kapena pamwamba pa kabati pamene mwana sapadziwa. Wopempha chiphaso aziyamba waonetsa potsekera mfuti, ndipo wapolisi azipita kukaona ndi maso.

Otsutsa adzati kuno anthu amafa ndi zikwanje, ndipo akunena zoona. Achifwamba ambiri amabwera ndi zikwanje ndi zitsulo, ndipo mu Juni 2025 dziko lonse linaona zithunzi za anthu onyamula zikwanje akukhapa ochita zionetsero ku Lilongwe, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Kuchepetsa mfuti sikuchotsa nkhanza mumtima mwa munthu, ndipo palibe amene ananenapo kuti kumatero. Koma wa chikwanje ayenera kufika pafupi, amatopa, angathe kugwidwa ndi anthu atatu olimba mtima, ndipo ovulala ambiri amafika kuchipatala ali moyo. Wa ku Sandy Hook anapha anthu 26 m'mphindi zochepa. Zimene zinachitika ku Lilongwe zikutiuzanso chinthu china chowopsa: alipo anthu m'dziko lino okonzeka kulemba achinyamata ntchito yovulaza anzawo pa zifukwa za ndale. Lero amawapatsa zikwanje. A Payoniya anawapatsa mfuti, ndipo panafunika gulu lonse la nkhondo kuti liwalande.

Lamulo lathu la mfuti linalembedwa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo isanayambe, makampani a alonda asanachuluke, kulibe foni zam'manja kapena kompyuta yosungira kaundula. Likufunika kulembedwanso kuti ligwirizane ndi pangano limene tinasainira tokha ku Blantyre. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lofufuza imfa ndi kuvulala kochitika m'manja mwa apolisi, koma panatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe kugwira ntchito, ndipo mayi wa ku Usisya amene mwana wake wawomberedwa ayenera kukhala ndi njira yolifikira yosadalira ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe. Mipingo ya kuno, imene ili ndi sukulu zambiri m'mbali mwa nyanjayi, ingathe kupempha boma nyengo yoti anthu abweze mfuti zopanda ziphaso popanda kumangidwa, monga anachitira anzathu a ku Mozambique. Mafumu ndi makomiti a asodzi a m'magombe amadziwa bwato lachilendo kuposa wapolisi aliyense, ndipo akufunika nambala yoimba imene imayankhidwa. Aphungu a Nkhata Bay nawo angayambe ndi funso limodzi kwa nduna yoona za chitetezo cha m'dziko, loti liziyankhidwa m'Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse: mfuti za boma zasowa zingati, zapezeka zingati, ndipo zolandidwa kwa achifwamba zawonongedwa pamaso pa ndani.